Mtsikana amene sankaona chabwino mwa aliyense: lipoti la ntchito yokonza mpangankhani wamkulu

Bukuli linandipeza litakanidwa kale kawiri. Mlembi wake, mayi amene aka kanali koyamba kulemba nkhani yaitali, analitumiza pamodzi ndi kalata yaifupi. Anati onse amene analiwerenga akudandaula chinthu chimodzi, chakuti mtsikana wa m'nkhaniyo sakondeka, ndipo pempho lawo linali loti ndiwathandize kumufewetsa. Ine ndine mkonzi wa mabuku, makamaka a achinyamata. Lipotili ndalemba mlembiyo atavomera, koma dzina lawo, dzina la mtsikanayo ndi dziko lomwe nkhaniyo ikuchitikira sinditchula poti bukulo silinasindikizidwe.

Nkhani yake ili motere. Mtsikana wa zaka 15 akusamukira kudziko lina ndi amayi ake, amene apezako ntchito, chaka cha sukulu chili pakati. Bambo ake atsala. Kusukulu yomwe wachoka anali mwana wodziwika, woyamba m'kalasi, woimira anzake pa mipikisano ya mtsutso, amene aphunzitsi ankatuma akafuna munthu wodalirika. Chinenero cha kumene wapitako anachiphunzirako m'kalasi, koma eni ake akamayankhula mothamanga iye amangotolapo mawu awiri kapena atatu. Nkhaniyo akufotokoza yekha, ndipo kuyambira tsamba loyamba palibe amene akupulumuka pakamwa pake. Mtsikana amene wapatsidwa ntchito yomuonetsa malo ndi wachiphamaso chifukwa amamwetulira kwambiri. Mphunzitsi woyankhula pang'onopang'ono akumuyesa chitsiru. Ana otsutsana ndi aphunzitsi m'kalasi sanaleredwe. Mnyamata wogona pa desiki ndi mlesi. Aliyense wamupatsa dzina lachipongwe, ndipo mayinawo amawalemba kumapeto kwa kope la masamu.

Nditawerenga koyamba ndinagwirizana ndi odandaulawo. Pofika mutu wachinayi ndinali nditatopa naye. Komabe ndinaona chinthu china chimene chinandiletsa kuyankha msanga: ziganizo zokoma kwambiri m'buku lonse zinali zonyozazo. Pamene mtsikanayo akunyogodola munthu, mawu ake ali ndi mano, akuona tinthu ting'onoting'ono, akusanja mawu mwaluso. Pamene mlembi akumukakamiza kukhala mwana wabwino, zolembazo zikuzizira ngati kalata ya ku ofesi. Kumufewetsa kukanatanthauza kuchotsa chokhacho chamoyo m'bukumo.

Choncho ndinawerenganso, ulendo uno ndi cholembera m'manja. Paliponse pamene mtsikanayo akuweruza munthu ndinkalemba zinthu zitatu m'mphepete mwa tsamba: akuweruza ndani, chachitika n'chiyani asanaweruze, ndipo nkhaniyo pambuyo pake ikumuvomereza kapena kumutsutsa. Ndi ntchito yotopetsa koma sindidziwa njira ina yoonera kachitidwe ka mpangankhani popanda kutengeka ndi mmene wandikwiyitsira.

Choyamba chimene chinatuluka sindinachiyembekezere. Amene mtsikanayu akuwanyoza kwambiri si eni dziko ayi. Eni dziko amawaseka mopepuka, mawu amodzi awiri n'kudutsa. Mkwiyo weniweni ukugwera anthu awiri. Wina ndi mnyamata wa m'kalasi yapadera yophunzitsa chinenero, amenenso ndi wobwera, amene amaphonya mawu koma osachita manyazi. Wina ndi amayi ake omwe, amene mawu awo amasintha n'kukhala aang'ono akamayankhula pafoni ndi akuluakulu a kuntchito. Anthu awiriwa ndi amene akufanana naye. Akamuona mnyamatayo akulimbana ndi chiganizo, akudziona yekha mmene akumvekera kwa ena. Akawamva amayi ake akuseka nthabwala yosaseketsa, akuona munthu amene kwawo ankalemekezedwa atachepa, ndipo akuopa kuti iyenso wachepa chimodzimodzi.

Chachiwiri chinali pa funso lija lakuti chachitika n'chiyani asanaweruze. M'malo ambiri yankho linali lakuti palibe. Mtsikanayo akungolowa m'chipinda n'kuyamba kugawa mayina. Koma m'malo atatu mlembi anali atalemba kanthu kena kochitika mtsikanayo asanaweruze. Pamalo amodzi mtsikanayo wakweza dzanja, wayankha funso limene sanalimvetse, kalasi yakhala chete kwa kanthawi, mphunzitsi wapitirira kwa wina. Ndime yotsatira akunyoza nsapato za mtsikana wokhala patsogolo pake. Malo atatu amenewa ndi okhawo pamene ine monga wowerenga sindinakwiye naye. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti mawu ake anali oipa kuposa ena onse. Kusiyana kwake kunali kwakuti ndinaona bala ndisanamve kukuwa.

Apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa chimene chinavuta. Vuto silinali lakuti mtsikanayo amaweruza. Mwana wa msinkhu umenewo amene wazulidwa pamalo pake ndiye kuti aziweruza basi, ndipo amene anaphunzira za anthu osamuka anaziona kalekale. Kalervo Oberg, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anakamba za nkhaniyi ku Rio de Janeiro mu 1954, ndipo zokambazo zinasindikizidwa mu 1960. Ndi iye amene anatchukitsa mawu akuti culture shock. Iye anafotokoza kuti nkhawa ya munthu wosamuka imadza chifukwa chotaya tizizindikiro tonse timene ankayendera osaganiza n'komwe: nthawi yogwirana chanza, zoyankhula pokumana ndi munthu, kudziwa pamene wina akunena zoona ndi pamene akungoseka. Ananenanso kuti chisangalalo cha masiku oyamba chikatha, mlendo amayamba kudana ndi dziko lomwe lamulandira, kunyoza anthu ake ndi njira zawo, n'kumawaika onse m'thumba limodzi. Oberg ankanena za akuluakulu amene anasankha okha kusamuka. Mtsikana wathuyu sanafunsidwe n'komwe.

Pamwamba pa izi pali msinkhu. David Elkind, katswiri wa za maganizo wa ku America, analemba mu 1967 kuti wachinyamata amakhala ngati ali pabwalo nthawi zonse, akuganiza kuti anthu onse akumuyang'anitsitsa mmene iye akudziyang'anira. Kwa ana ambiri oonererawo amakhala a m'mutu chabe. Kwa mwana wobwera pakati pa chaka, woyankhula mosiyana ndi anzake, oonererawo alipodi, pafupifupi sabata zoyambirira. Ndiye mwana amene akumva kuti akuweruzidwa m'mawa mpaka madzulo, amene alibe mawu okwanira odzitetezera pakamwa, atsala ndi bwalo limodzi lokha lomwe angapambane, la mumtima mwake. M'menemo ndiye woweruza, ndipo chinenero chake ndi chakuthwa monga kale. Kope la masamu lija ndi malo okhawo pamene adakali woyamba m'kalasi.

Nditakumana ndi mlembiyo ndinawaonetsa masamba atatu aja, kenako ena asanu opanda bala patsogolo. Anawerenga mwakachetechete. Kenako anandiuza chimene sanalembe m'kalata, kuti iwonso anasamuka ali pa msinkhu womwewo, ndipo zochitika zambiri m'bukumo zinawachitikira. Ndinawafunsa chifukwa chimene anasiyira zamanyazizo. Anati ankaganiza kuti n'zosafunika, poti aliyense akudziwa kuti kukhala mlendo n'kowawa. Ndinawayankha kuti, “Mayi, inu mukudziwa chifukwa munaliko. Wowerenga sanaliko. Iye akungoona mwana akutukwana anthu amene sanamulakwire.” Sanayankhe nthawi yomweyo, ndipo ine sindinaonjezere.

Iwo anabwera ndi maganizo awo okonzera. Ankafuna kuika mutu watsopano koyambirira, pamene mtsikanayo akuthandiza kamwana kosochera pabwalo la ndege, kuti wowerenga adziwe kuti ndi wamtima wabwino. Ndinakana, ndipo ndimakana njira imeneyi nthawi zonse. Wachinyamata wowerenga amazindikira msanga pamene mlembi akumunyengerera. Chifundo chosomekedwa pa tsamba lachiwiri sichichiritsa mwano wa pa tsamba la makumi atatu. Chimangopanga anthu awiri osagwirizana m'thupi limodzi.

Ntchito yoyamba imene tinagwirizana inali yobwezeretsa mabala. Sitinachite izi paliponse, chifukwa ikanakhala nyimbo yobwerezabwereza, manyazi kenako chipongwe, manyazi kenako chipongwe, mpaka wowerenga n'kuloweza. Tinasankha malo ochepa, ndipo tinasamala kuti mtsikanayo asalumikize yekha ziwirizo. Asanene kuti ndinamunyoza chifukwa ndinachita manyazi. Mwana wa zaka 15 amene angathe kunena choncho alibenso vuto loti tilembere buku. Iye azingofotokoza zomwe zachitika mothamanga, ngati zosafunika, n'kukhalitsa pa nsapato za mnzake. Kulumikizako ndi ntchito ya wowerenga, ndipo wowerenga amakonda kupatsidwa ntchito yoteroyo.

Ntchito yachiwiri inali yovuta kwambiri, ndipo ndi imene inatidyera nthawi. Funso lachitatu la m'mphepete mwa tsamba lija linaonetsa kuti m'mitu yonse yoyambirira nkhaniyo inkamuvomereza mtsikanayo. Akati wina ndi wachiphamaso, palibe chimene munthuyo akuchita chotikayikitsa. Tikumuona kudzera m'maso amodzi okha, ndipo masowo sakutisiyira mpata. Ndiye m'mutu womaliza zonse zikutembenuka tsiku limodzi. Womwetulira uja ali ndi mavuto kwawo, wogona pa desiki uja amagwira ntchito usiku, mphunzitsi uja ankamufunira zabwino. Mtsikanayo akulira, akupepesa onse, buku latha. Wowerenga amene wakhala naye masamba onsewo akumva kuti wapusitsidwa, chifukwa sanapatsidwe mwayi woti aone yekha.

Wayne Booth, katswiri wa zolembalemba wa ku America, ndi amene mu 1961 anapereka dzina kwa mfotokozankhani wamtundu uwu, wosadalirika, amene zonena zake sizigwirizana ndi zimene buku lonse likusonyeza. Chinsinsi cha mfotokozankhani wotere n'chakuti mlembi ndi wowerenga amamvana mwakachetechete iye osadziwa. Kuti zimenezi zitheke, mtsikanayo ayenera kutiuza zinthu zimene iye sakuziwerengera koma ife tikuziona. Tinabwerera kwa mnyamata wogona pa desiki. Tsopano pamene akumutcha mlesi, akutchulanso modutsa, monyansidwa, kuti zala zake zili ndi timabala ta ntchito ndipo malaya ake amamveka fungo la mankhwala otsukira pansi. Iye akuti ndi uve. Ife tayamba kale kuganiza zina. Tinabwereranso kwa mtsikana womwetulira uja. Tsiku lachitatu akumudikira pakhomo la kalasi ngakhale kuti ntchito yomuonetsa malo inatha dzana. Mfotokozankhani wathu akuti akufuna kuonekera kwa aphunzitsi, koma watiuza yekha kuti panjirapo panalibe mphunzitsi aliyense.

Pali kachizolowezi kamene akatswiri a za maganizo amakadziwa bwino, kamene Lee Ross anakatchula dzina mu 1977: munthu akaona mnzake walakwa amati ndi khalidwe lake, osaganizira zomwe zamuzungulira. Tikalakwa ife eni timadziwa zifukwa zake zonse. Ndinawapempha mlembiwo kuti aike ziwirizi pafupi m'mutu umodzi. Mtsikanayo akuchedwa kusukulu chifukwa sanamvetse ndandanda wa nthawi za basi, ndipo akutifotokozera mwatsatanetsatane kuti si kulakwa kwake. Masamba awiri kutsogolo mwana wina akulowa mochedwa, iye n'kumutcha wosasamala. Palibe amene akuloza chala. Zangoikidwa moyandikana.

Tsopano ndifike pamene ine ndi mlembiyo tinasemphana kwenikweni, ndipo apa ndinaumirira. Pakati pa anthu onse amene mtsikanayo akuwanyoza pali mphunzitsi mmodzi amene sanavutike kuphunzira dzina lake. Tsiku loyamba analiyesa kamodzi, nalephera, naseka, n'kulidula kukhala kadzina kosavuta kwa iye, ndipo kalasi yonse inatengera pomwepo. Mtsikanayo akuti munthu ameneyu saona ana, amangoona mipando yodzaza. M'zolemba zoyamba zija, tisanakonze, ngakhale mphunzitsi ameneyu ankapepesedwa pamapeto. Ine ndinati ayi. Pamenepa mwanayo akunena zoona. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wobwera amaona zinthu zimene eni malo anazizolowera mpaka kusiya kuziona, ndipo buku limene likumuuza kuti zonse zimene anaona zinali zabodza likumuphunzitsa kusakhulupirira maso ake. Ndikuganiza za mwana weniweni amene adzawerenge bukuli ali m'dziko lachilendo, dzina lake litadulidwa chimodzimodzi. Sindifuna kuti atseke buku akuganiza kuti iye ndiye ayenera kupepesa.

Mlembiyo ankaopa kuti kusiya chiweruzo chimodzi chili chilili kusokoneza phunziro la nkhaniyo. Ndinawauza kuti chimene mtsikanayu akuphunzira si kusiya kuona. Akuphunzira kusiyanitsa pamene diso lake laona chinthu ndi pamene mantha ake ajambula chinthu. Ngati ziweruzo zake zonse n'zolakwika, palibe choti asiyanitse. Anavomera patapita sabata ziwiri, ndipo mutu umene analemba pambuyo pake, pamene mtsikanayo akutchula dzina lake lonse pang'onopang'ono pamaso pa kalasi mphunzitsiyo akuitana mayina, ndi umodzi mwa yabwino kwambiri m'bukumo. Mphunzitsiyo sakusintha. Mawa lake akubwereza kadzina komwe kaja.

Chinanso chimene chinkasowa ndi mtengo wa mwanowo. M'zolemba zoyambazo chipongwe chonse chinkathera m'mutu mwa mtsikanayo ndi m'kope, osapweteka aliyense. Tinagwirizana kuti kamodzi kokha chituluke. Pofuna kuseketsa gulu la atsikana amene ayamba kumulola kukhala nawo, akutsanzira kayankhulidwe ka mnyamata wa m'kalasi ya chinenero uja. Atsikanawo akuseka, ndipo aka n'koyamba kuti iye aseketse anthu m'chinenero chatsopanocho. Mnyamatayo wamva. Sakukalipa, sakulira, wangosiya kumusungira mpando. Mlembiyo ankafuna kuti awiriwa agwirizanenso pamapeto. Tinamvana zoti mtsikanayo apepese, mnyamatayo amve kupepesako, koma mpandowo usabwerere.

Za mathero a kusukulu sindikhalitsapo. Nkhani yonse ikuchitika m'miyezi inayi, ndipo pamapeto mtsikanayo ankapambana mpikisano wolemba chimangirizo m'chinenero chatsopanocho. Jim Cummins, wofufuza za maphunziro ku Canada, anasiyanitsa mu 1979 chinenero chochezera ndi chinenero cha maphunziro, ndipo kafukufuku wake pa ana obwera ku Toronto anasonyeza kuti chochezeracho mwana amachigwira m'zaka pafupifupi 2, pamene cha maphunziro chimatenga zaka 5 mpaka 7 kuti afanane ndi anzake obadwira momwemo. Mwana wowerenga amene watha chaka chathunthu akulimbanabe ndi mayeso angadzione wolephera. Mpikisanowo tinauchotsa.

Tinachotsanso ndime imene mtsikanayo ankataya kope lake la masamu m'bini n'kulonjeza kuti sadzaganizanso m'chinenero chakwawo. Mlembiyo ankaiona ngati chizindikiro chakuti mwanayo wakhazikika. John Berry, katswiri wa za maganizo wa ku Canada, pamodzi ndi anzake anatulutsa mu 2006 zotsatira za kafukufuku wa achinyamata osamuka oposa 5,000 m'mayiko 13. Amene ankayenda bwino kwambiri, mumtima ndi kusukulu komwe, anali amene anasunga zakwawo uku akulowerera m'moyo wa kumene afika. Kopelo tsopano latsala. Mayina ena wawafufuta, ena wawasiya, ndipo limodzi walemba funso pambali pake.

Buku lokonzedwalo tinalipereka kwa achinyamata angapo kuti awerenge, ena mwa iwo osamukapo, ena ayi. Palibe amene anati mtsikanayo ndi wabwino. Mmodzi anati akanakhala naye kalasi imodzi sakanamukonda. Koma onse anamaliza bukulo, ndipo anakangana za iye nthawi yaitali, makamaka pa nkhani ya mpando ija, ena akuti mnyamatayo anaumitsa mtima, ena akuti anachita bwino. Mwano wa m'bukumo sitinauchepetse ndi chiganizo chimodzi chomwe. M'malo ena unawonjezeka.

Chimene sichinathe ndi nkhani ya amayi a mtsikanayo. M'mutu wa 9 iye akumvetsera kuseri kwa chitseko amayi ake akuyankhula pafoni ndi mawu aang'ono aja, ndipo akunena za iwo zinthu zowawa kuposa zimene wanenera wina aliyense. Mutu umenewu ulibe bala patsogolo, ulibenso kanthu kotionetsa amayiwo kupyola maso a mwana wawo. Sitikudziwa chimene amachita akadula foniyo, kaya amakhala pansi, kaya amapuma mozama, kaya amayang'ana chitseko podziwa kuti mwanayo ali kuseri. Ndawapempha mlembiyo katatu kuti alembe mphindi imeneyo. Ulendo wachitatu anandiuza kuti, “Pamenepo ndisiyeni kaye. Amayi anga sindinawafunsepo chimene ankachita akadula foni, ndipo adakali moyo.” Mitu ina yonse ili kwa ine, yokonzeka. Mutu wa 9 uli kwa iwo, ndipo anati akawaona amayi awo mwezi wamawa.